Chaka Chimene Ndinavula Lamba

Akadzakhala pansi akuluakulu kulemba mbili ya njala ya chaka chija, dzina langa, ine Lazalo Mwanza, liyenela kukhala pamwamba penipeni, m'zilembo zikuluzikulu. Anthu ena onse, kuchokela ku Nyimba mpaka ku Petauke, analimbana ndi njala ija ndi manja awili. Ine ndinalimbana nayo ndi dzanja limodzi. Linalo linali kugwila buluku kuti lisagwe.

Kwathu ndi ku Katete. Ndinaphunzilako zauphunzitsi ku koleji chaka chimodzi ndi nyenyeswa zake, mpaka thonje la amalume amene amandilipilila linakana. Kumeneko ndinabwelako ndi zinthu ziwili: chizolowezi chofotokoza zimene sindinafunsidwe, ndi buluku lakuda limene ndinagula ndili wonenepa. Ndinakwatila Dailesi n'kukakhala kwawo, mudzi wina wa kuseli kwa Minga, kumene nyumba yathu inayang'anana ndi ya apongozi anga, amai ake a Dailesi. Mwa ulemu wa kumeneko, apongozi ndi ine sitinkalankhulana maso ndi maso. Akafuna kundiuza kanthu, ankauza Dailesi, kapena mtengo wa mango, ine ndili chiimile pomwepo.

Novembala

Mvula yoyamba inatipeza tili ndi nkhokwe yopanda kanthu. Chimanga cha chaka chapitacho chinali chitapsa ndi dzuwa chisanabeleke, ndipo m'nkhokwe yathu munkangoikila nkhuku. Tinabzala mbewu yopempha, mtedza pang'ono, ndi maungu m'mizele. Mwezi womwewo mimba ya Dailesi, yoyamba, inayamba kuonekela.

Tsiku lina titachoka kumunda, apongozi anabwela n'kukhala pansi pa mango, msana ataulozetsa kwa ine.

"Dailesi, uwauze amuna ako kuti lomba zomanga zatha. Lamba avule. Chingwe asamange, thumba asamange, nsapato asamange. Mwamuna akamanga mfundo mkazi ali ndi pakati, amamanga njila ya mwana."

"Uwauze amama," ndinatelo ine, ndikuyang'ana nkhuku, "kuti pakati pa lamba wanga ndi njila ya mwana palibe msewu uliwonse wodziwika."

"Uwafunse kuti amuna ake a Malita anali kugwila nchito yanji."

Malita ndi mkulu wake wa Dailesi. Mwamuna wake ankamanga matumba a makala tsiku ndi tsiku, ndipo pobeleka Malita anachila ndi mpeni wa kuchipatala, n'kukhala miyezi osagwila khasu. Kwa apongozi, mlandu unathela pamenepo. Ndinayamba kufotokoza kuti Malita ndi wamfupi ndipo mwana wake anali wamkulu ngati thumba la mchele, koma nditayang'ana Dailesi ndinaona kuti sakuseka.

Apongozi atapita, Dailesi anati, "AMwanza, ine mpeni ndimauopa. Ndinamuona Malita akulephela kunyamula ngakhale kapu ya madzi. Ndipo chaka chino ndikagona miyezi itatu, mtedza wanga adzakumba ndani? Inu?"

"Ukukhulupilila zoti lamba angakutsekele njila?"

"Kaya. Koma ngati sizithandiza, zikuonongelani chani?"

Ndinavula lamba. Ndinamupeleka ndi manja awili, ngati mfumu yogonja pa nkhondo, ndipo aka kanali kotsiliza kuti manja anga onse awili akhale pa nchito imodzi. Nsapato zazingwe ndinaziika pansi pa bedi n'kulowa m'mapatapata. Ndinayesa mphila ya njinga m'chiuno. Inaweluzidwa kuti ndi lamba. Ndinayesa phini; anati ndi kutseka khomo. Ndinatchula za buluku lalastiki la pa salaula, pogulitsila zovala zovalidwa kale, apongozi n'kuuza mango kuti lastiki ndi lamba wobisala.

Disembala

Ku sikelo ankafuna amuna azibwela ndi akazi awo. Tinakhala pa benchi amuna asanu pakati pa amai odzaza khonde, tonse tikuyang'ana pansi ngati ogwidwa ndi mbuzi yakuba. Anesi, mai wamtali wa mawu ngati belu, anaphunzitsa zokonzekela: kudya zamagulu, kuyenda tsiku lililonse, kupuma mozama ululu ukabwela, kukana mankhwala a m'botolo la kachasu amene azakhali amati amafulumizitsa mwana. Koposa zonse, a mimba yoyamba okhala kutali abwele mwezi wotsiliza kudzakhala ku nyumba yodikilila pafupi ndi chipatala, atanyamula ufa wawo.

Pa mawu akuti ufa, khonde lonse linaseka.

Itafika nthawi ya mafunso ndinaimilila, dzanja m'chiuno. "Amai, funso langa ndi la sayansi. Kodi lamba wa mwamuna angatseke njila ya mwana?"

Anandiyang'ana kuyambila kumapatapata mpaka kumutu. "Bambo, ine ndinaphunzila za mimba, za malamba sindinafikeko. Koma ngati kuvula lamba kwakufikitsani ku sikelo, ndikanakonda amuna onse a boma lino avule."

Amai aja anaomba m'manja. Sayansi inandisiya pamenepo.

Kunyumba ndinadziika kukhala mphunzitsi wa kapumidwe. Madzulo aliwonse ndinkakhala patsogolo pa Dailesi n'kumati, "Kokela mkati. Gwila. Tulutsa pang'onopang'ono."

"AMwanza, kupuma ndinayamba tsiku limene ndinabadwa."

"Unkapuma mwa umbuli. Uku ndi kupuma kwa maphunzilo."

Zoyenda sizinavute. Munthu wopita kumjigo kawili, kumunda kawili, ndi kukafuna nkhuni kuphili, safunika kumuuza kuti aziyendako. Zakudya zamagulu ndizo zinali nthabwala: magulu athu anali mango aawisi ophika m'mawa ndi mango akupsa madzulo. Komabe tinagulitsa nkhuku zonse n'kugula tini imodzi ya chimanga, ya ku nyumba yodikilila. Apongozi anaisunga kwawo, anaimanga pakamwa ndi nsalu, iwo eni, popeza m'banja lonse ndi iwo okha anatsala ndi ufulu womanga.

Januwale

Meda ya chimanga, kachitini kaja koyezela pa msika, inkakwela mtengo ngati ili ndi makwelelo akeake. Ukafunsa m'mawa, n'kupita kukafuna ndalama, pobwela umapeza yakusiya. Anthu anayamba kugula ufa wa m'timapepala, wokwana mphika umodzi, n'kumaubisa m'malaya kuti anansi asadziwe kuti lelo kuli moto.

Aliyense anasankha njila yake. Ena anapita ku Lusaka kwa abale amene sanawaitane. Ena analowa m'tchile kuotcha makala. Ena ankapita ku Nyimba kukakweza nthochi m'malole. Ine ndinayesa zonse zapafupi, ndipo ndinazindikila chinthu chimene ku koleji sanatiuze: nchito iliyonse ya munthu wosauka imathela pa mfundo. Makala umamanga. Nthochi umamanga. Udzu umamanga. Ku Nyimba mwini lole anandiponyela chingwe, ine n'kumufotokozela za mkhalidwe wa banja langa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mudala, amene ali ndi mimba ni imwe kapena akazi anu?"

Ndinatsala ndi ganyu yopalila, imene ndinkagwila buluku nditalipinda katatu m'chiuno. Khasu likakwela, buluku linkatsika. Eni minda ankandipatsa mzele wakumapeto, kutali ndi ana awo aakazi.

Ndiye panali mbuzi. Nthawi ya dzinja mbuzi imamangidwa kuti isadye mmela wa anthu. Yathu ankamanga apongozi m'mawa uliwonse. Koma kunagwa malilo ku Msanzala, iwo anapita, n'kukhalako masiku. Dailesi sangamange, ine sindingamange. Ndinapempha aSakala, mnansi wathu mwini ng'ombe ndi ngolo, kuti atithandize.

"Ine nimange mbuzi ya mwamuna mnzanga, mwini wake ali moyo?" anatelo. "Anthu azakamba chani?"

Masiku amenewo anthu opita kumunda ankandipeza m'mbali mwa njila, dzanja lina chingwe cha mbuzi, dzanja lina buluku, mvula ikundikhuthukila. Ankandipatsa moni mwaulemu kwambili, n'kukasekela patsogolo. Apongozi atabwela, mbuziyo tinaigulitsa. Sindinalile.

Febuluwale

Mango anatha. Chimanga m'munda chinali chobiliwila, chokongola, chopanda nchito ngati chithunzi cha chakudya. Tinkadya gaga wa kuchigayo ndi masamba a maungu, kamodzi pa tsiku, dzuwa likapendeka. Ine ndinaonda mpaka buluku linasiya kundidziwa. Mimba ya Dailesi yokha ndiyo inkakula pamudzi ponse, koma mikono yake inali ngati bango, ndipo akaimilila msanga ankagwila khoma.

Mphekesela ndizo tinkakhuta. Akuti chimanga chathandizo chafika ku boma. Akuti chapita ku Kaumbwe. Akuti ndi cha okalamba okha, ndipo anthu anayamba kukalamba mofulumila. Ndinaona mwamuna wina amene tinkamenya naye mpila akuyenda ndi ndodo. Tsiku limene chimangacho chinabweladi, tinaima pa sukulu kuyambila m'mawa, ndipo banja lathu linalandila gawo la thumba logawana ndi mabanja ena. Thumba langa linali losamanga pakamwa. Ndinalisenza pamutu, dzanja limodzi likutseka thumba, linalo pa nchito yake ya masiku onse, ndipo nkhuku za mudzi wonse zinandipelekeza mpaka pakhomo.

Chimenecho chitatha, ku sikelo anamuuza Dailesi kuti magazi achepa, adye. Madzulo ake apongozi anatulutsa tini ija ya ku nyumba yodikilila n'kuiika pansi pa mango.

"Dailesi, uwafunse amuna ako. Tisunge chakudya cha mwezi wa mawa, kapena tisunge munthu wa lelo?"

"Uwauze amama amasule," ndinatelo.

Aka kanali koyamba kuti ine ndi apongozi tigwilizane pa kanthu, ndipo tonse awili tinachita manyazi. Phala la m'tini ija linali la Dailesi yekha. Iye ankakankhila mbale kwa ine, ine n'kumati ndadya kwa aSakala. Ankadziwa kuti kwa aSakala sikudyeka ngakhale chaka cha zokolola, koma ankadya, akundiyang'ana mokwiya.

Malichi

Maungu anayamba, kenako chimanga chachiwisi. Mudzi unayambanso kumveka phokoso la ana. Masiku oti Dailesi apite kukadikila anali atakwana, koma tini inali mbee, ndipo kumeneko munthu sapita ndi manja okha. Tinathyola chimanga chosakhwima bwino, tinachisenda n'kuchiyanika pa mphasa kuti tipeze ufa wonyamula. Tinati chikauma, Loweluka, tinyamuka.

Mwanayo sanafunse za Loweluka. Lachitatu m'mawa Dailesi anagwila mzati wa khonde n'kunena mawu amodzi okha: "AMwanza." Ndinathamangila kwa aSakala.

Tinamugoneka m'ngolo pa matilesi, apongozi atamukhalila kumutu, beseni ndi zitenje kumiyendo. ASakala ankayendetsa, ine ndikutsata pambuyo. Ndinayesa kugwila nchito yanga.

"Kokela mkati. Gwila. Tulutsa pang'ono..."

"Amama, auzeni achoke!"

Pakati pa njila pali kamtsinje, ndipo kutsidya kwake ndi chitunda chamatope. Ng'ombe zinawoloka, zinayamba kukwela, ndipo pamenepo chingwe chomangila goli ku mtengo wa ngolo chinati phwa! Ng'ombe zinapita patsogolo zokha. Ngolo inayamba kubwelela kumadzi, mtengo wake ukudzuka m'mwamba. ASakala anaulumphila n'kuukanikiza ndi chifuwa, dzanja lina atakola ng'ombe pa mphuno. Ine ndinaponya mwala kuseli kwa tayala. Apongozi anali atakumbatila Dailesi kuti asatsetseleke.

"AMwanza, mangani!" anakuwa aSakala. "Nilibe dzanja lina ine!"

Ndinatola chingwe. Ndipo ine, amene ndinakhala miyezi yonseyi ndikuuza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna kuti mwambowu ndi wopanda mutu, ndinapeza zala zanga zauma. Ndinaganiza za Malita. Ndinaganiza kuti ngati pali tsiku limodzi m'chaka chonse limene mfundo ingagwile nchito yake yoipa, ndi lelo.

"Bwelani mumange ndinu, ine ndigwile mtengo."

"Ng'ombe izi sizikudziwani, zizakupondani! Mangani!"

Dailesi anabuula. Pamenepo apongozi anga, amene chikwatile mwana wawo anali asanandiyang'anepo kumaso, anatembenuka n'kundiyang'ana ine mwini, osati mango, osati nkhuku.

"Imwe aMwanza! Mufuna mwana wanga abalile m'madzi? Mangani chingwe icho!"

Mfundo imafuna manja awili. Ndinasiya buluku. Linatsika mwakachetechete mpaka m'matope, ngati mbendela ya dziko logonja, pamaso pa apongozi, pamaso pa aSakala ndi ng'ombe zawo. Ndinamanga mfundo, ndinabweleza, ndinabwelezanso, ndi ukali wonse wa miyezi isanu. Apongozi anabweza maso awo kumitengo, kumene akhala mpaka lelo.

Tinafika ku chipatala cha Minga dzuwa lisanafike pamutu. Anamulandila Dailesi n'kulowa naye, apongozi anatsatila ndi beseni, ine anandionetsa benchi. ASakala anatembenuza ngolo kupita kumsewu waukulu kukafuna katundu wobwelela naye.

Dzuwa linafika pamutu. Linapendeka. Ana a amai ena amene anabwela pambuyo pathu anamveka akulila. Anesi atatuluka ndinawatsekela njila.

"Mwana woyamba sathamanga, bambo. Mtima wake ukugunda bwino, amai ake akulimba. Tikamuonanso, ngati sanasunthe, tiitana adokotala aone chochita."

Chochita. Ndiye kuti mpeni. Posakhalitsa apongozi anatuluka kukatunga madzi. Anaima pafupi ndi benchi langa, nkhope yotuwa, n'kuuza mpopi wa madzi motsitsa mawu:

"Mfundo ija ikali pa ngolo."

Sindinafotokoze za sayansi. Ndinanyamuka n'kuthamanga, dzanja m'chiuno, patapata limodzi linatsala pa geti ndipo sindinalibwelele. Ngolo ndinaipeza kumsewu waukulu, aSakala akukweza malata a munthu wina.

"Wabadwa?"

"Sanabadwe. Ndabwela kudzamasula."

"Kumasula chani? Nakweza kale katundu!"

Ndinagwada pa goli. Mfundo ija inali itanyowa, ng'ombe zinali zitaikoka ulendo wonse, ndipo inali italimba ngati mwala. Ndinayesa zala. Ndinayesa mano. Ndinayesa msomali. Amai ogulitsa chimanga chootcha anasiya mbaula zawo kubwela kudzaonela munthu wamkulu akuluma chingwe cha ng'ombe. Mmodzi anafunsa chavuta n'chiyani, aSakala anafotokoza, ndipo palibe anaseka. Mai uja anangopukuta mpeni wake pa chitenje n'kundipatsa.

"Chingwe changa!" anatelo aSakala. "Muzalipila!"

Ndinadula. Goli linagwa, malata analila, ng'ombe zinayenda pang'ono n'kuyamba kudya udzu.

Pobwelela sindinathamange, mphamvu za gaga zinali zitatha. Nditafika, benchi langa linali ndi anthu ena, ndipo apongozi anali pakhomo akuuza khoma, misozi ili m'masaya, kuti ndi mwana wamkazi, ndipo mpeni sunamukhudze Dailesi.

Atandilola kulowa, ndinapeza Dailesi atagona, milomo youma, kamunthu kofiila kali pachifuwa. Ndinafunsa anesi kuti mwanayo anabadwa nthawi yanji kwenikweni, ndisanadule kapena nditadula.

"Musanadule chani, bambo?"

"Atadula," apongozi anauza zenela.

Dailesi anatsegula diso limodzi. "Mwana uyu ndakankha ndine. Osati chingwe, osati amama, osati inu ndi kupuma kwanu." Anatsekanso diso. Patapita kanthawi anawonjezela, "Koma kupumako ndinapuma."

Epulo

Chimanga chinauma bwino chaka chimenecho, ndipo meda inatsika mtengo mwakachetechete, osapepesa aliyense. Amene anapita ku Lusaka anabwelela ndi nkhani zambili ndi matumba opanda kanthu. Dailesi anakumba mtedza wake yekha, mwana ali kumsana, ine ndikutsata pambuyo kukung'untha dothi, ndipo ankandiuza mzele uliwonse kuti ndikusiya wambili m'nthaka.

Nkhani ya chimene chinatsegula njila sinathe mpaka pano. Apongozi amauza mango kuti ndi mpeni wa mai wa chimanga chootcha. Anesi, titapita ndi mwana ku sikelo, anati ndi nthawi yake imene inakwana. Ine monga munthu wophunzila ndilibe mbali. Ndimangoti mwana ali pano, amai ake ali pano, osachekedwa.

Tsiku limene tinagulitsa mtedza woyamba, aSakala anafika pakhomo ndisanakhale n'komwe pansi. Ulendo wa ngolo anati ndi waulele, popeza mwana ndi wa mudzi wonse. Koma chingwe ndi nkhani ina. Motelo njala yonse ija, mimba, ulendo, ndi ulemu wanga umene unatsala m'matope a kamtsinje kaja, zinandidyela makwacha makumi awili, mtengo wa chingwe chimene chinali chitaduka kale chokha m'mawa wa tsiku lomwelo, koma chimene aSakala amalumbila mpaka lelo kuti chinali chatsopano.